Tisananene kuti Allah sanafune

Ndege yathu yoyamba sinathe masekondi 10 ili m'mwamba. Tinaipanga ife aphunzitsi a madrasa pamodzi ndi ana athu, Loweruka lililonse ikatha Swala ya Asr. Thupi ndi mapiko tinasema kuchokera ku zoyera zopepuka zija zimene amatetezera wailesi m'katoni, ndipo kamota, batire ndi rimoti tinachita kusonkherana. Itangonyamuka inadzutsa mphuno, n'kuima kaye ngati ikuganiza, kenako inagwa chamutu pabwalo la mpira.

Mnyamata wina anatola phiko lothyoka nati, "Allah sanafune." Mawuwo anatipweteka kuposa ndegeyo. N'zoona kuti palibe chochitika popanda chifuniro Chake, koma tinaopa kuti mwanayo akuphunzira kubisa kusasamala kwathu kuseri kwa dzina la Mlengi.

Choncho tinabwerera nayo m'kalasi. Tinamata phikolo, n'kuinyamula ndi zala ziwiri kunsi kwa mapiko, pafupifupi pa gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera kutsogolo kwa phiko. Ndege yabwino imakhazikika pamenepo, mphuno itaweramira pang'ono. Yathu inagwera kumchira. Batire tinaliika kumbuyo kwambiri, ndipo palibe amene anayeza.

Tsiku limenelo tinawafotokozera za Abbas ibn Firnas, Msilamu wa ku Córdoba, amene m'zaka za m'ma 800 anavala mapiko a nthenga nauluka pang'ono. Potera anavulala, ndipo olemba mbiri amati n'chifukwa choti sanapange mchira. Dzina lake likukumbukiridwa limodzi ndi chimene chinasowacho.

Makolo ena amatifunsa ngati zidolezi sizikudya nthawi ya maphunziro. Timawakumbutsa kuti mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa achinyamata ntchito imeneyi. Koma ngakhale ana athu asadzafike kumeneko, aphunzira kuti kutsamira kwa Allah kumadza munthu atachita mbali yake.

Patapita masabata atatu tinabwerera pabwalo. Mnyamata uja anakana kuti tiyatse mota. Anaika ndegeyo pa zala ziwiri, nakankhira batire patsogolo pang'ono, nayezanso. Atakhutira ndi pamene anati "Bismillah," n'kuiponya. Inazungulira bwalolo kawiri, ndipo inatera yonse yathunthu.