Anyamata a malaya oyera m'tinjira ta Ndirande

Ku Ndirande malaya oyera sachedwa kuda. Chilimwe fumbi la ku Goliyo limafika m'khosi, dzinja matope a m'mbali mwa Nasolo amakwera mpaka m'maondo. N'chifukwa chake titayamba kuona anyamata awiri m'chaka cha 2023, atavala malaya oyera, tayi ndi kabaji kakuda pachifuwa, akukwera ndi kutsika tinjira tathu wapansi, amayi ogulitsa tomato pamsika ankangoti, "Tione ngati malayawo afike Loweruka." Ankafika ndithu. Ndinamva pambuyo pake kuti amachapa okha.

Awa ndi amishonale a mpingo wa The Church of Jesus Christ of Latter-day Saints, womwe ambirife timangouti wa a Mormon. Pakabaji paja pamalembedwa Elder, kutanthauza mkulu, zomwe zinkaseketsa mayi anga chifukwa kwathu ku CCAP mkulu wa mpingo ndi munthu woti waona zambiri, pomwe awa ndevu zinali zisanamere bwino. Anyamata amatumizidwa kuyambira ali ndi zaka 18 ndipo amatumikira zaka ziwiri, atsikana miyezi 18. Dziko lopitako sasankha okha, ndipo amayenda awiriawiri nthawi zonse. Mwa awiri omwe anafika pakhomo pathu, wina anali mzungu wamtali wa ku America, wina wa ku Ghana. Wa ku Ghanayu ndiye ankavutika kwambiri, chifukwa aliyense ankamuyankhula Chichewa chothamanga poganiza kuti ndi mwana wa konkuno wongonyada ndi Chingerezi.

Tsiku loyamba analakwitsa zonse. Sanaodire, anangogogoda. Wamtali uja anapereka moni kwa mayi anga, munthu wa zaka zoposa 70, nati, "Uli bwanji?" Mayi anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, osayankha. Komabe mlendo ndi mlendo. Anawayalira mkeka, n'kutereka madzi pambaula. Tiyi atafika, anyamata aja anayang'anana.

"Zikomo, sitimwa tiyi."

"Mwaona kuti makapu anga ndi akuda?"

Anafotokoza, ine ndikumasulira, kuti mpingo wawo suloleza mowa, fodya, khofi ndi tiyi. Mayi anati, "Za mowa ndi fodya ndamva, ana anga. Koma tiyi wa ku Thyolo anakulakwirani chiyani?" Anachoka tsiku limenelo makapu ali odzaza, ndipo ine ndinati sadzabweranso.

Anabweranso sabata yotsatira, ndipo tinamva "Odi!" wokweza ali kuseri kwa mpanda. Wamtali uja anagwada pang'ono, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, nati, "Muli bwanji, amayi?" Mayi nawo anali atakonzeka: anatulutsa thobwa la mawere. Wa ku Ghana anamwa makapu awiri, nati kwawo kulinso chakumwa chofanana nalo. Mzungu uja anavutika ndi misere ya pansi pa kapu, koma anamaliza.

Ndisabise, ine ndinkawakayikira. Mukudziwa mmene mphekesera zimayendera ku Ndirande: ena ankati amagawa ndalama, ena ankati amalemba maina a anthu opita kunja. Zonsezi sindinazione. Chomwe ndinaona ndi kakope kakang'ono m'thumba la malaya, momwe wamtali uja ankalembamo mawu atsopano. Aphunzitsi ake anali ana a m'njira, okhoma zidebe ndi mbaula kuseri kwa msika, ndi anyamata a kabaza. Anaphunzira kunenerera pogula, ngakhale kupempha basela pa mulu wa mbatata. Anadziwa kuti ku Chinseu, ku Makata ndi ku Malabada si kumodzi, ndipo ankadutsa tinjira tachidule toti ine wobadwira kuno ndinasiya kalekale kudutsamo. Ife tikatuluka m'nyumba timathamangira minibasi. Iwo ankayenda pansi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kukanidwa pakhomo ili, kulandiridwa pakhomo linalo.

Tsiku lina mayi anamufunsa wamtali uja za abale ake. Anati mkulu wake anatumikiranso monga iyeyo, koma ku Ukraine. Mayi dzina limeneli ankalidziwa chifukwa cha chinthu chimodzi: pa wailesi ankati nkhondo ya kumeneko ndi imodzi mwa zomwe zakweza mtengo wa feteleza. Mnyamatayo anafotokoza kuti mu January 2022, kutatsala milungu yochepa kuti Russia iyambe nkhondo ija, mpingo wawo unachotsa amishonale ake m'dzikomo. Mkulu wakeyo anachoka mothamanga, osatsanzika banja lina lomwe linkamuphikira msuzi wofiira wotchedwa borsch ndi kumukonza akalakwitsa chiyankhulo. Mpaka pano amalemberana nalo pa foni, koma anabwerera kwawo ali munthu wosasangalala.

Mayi anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa, "Nanga kuno kukavuta, inunso adzakutengani?"

Mnyamatayo sananame. Anati inde, angathe kuwatenga. Mayi anagwedeza mutu, nati, "Mlendo ndi mame." Sananene mokwiya. Koma ine funso lija linandikhala, chifukwa mu March chaka chomwecho namondwe wa Freddy anali atagumula phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe, ndipo nafenso a m'munsi mwa phiri la Ndirande tinagona maso ali gwa, kumvetsera madzi. Munthu amene ali ndi tikiti yobwererera kwawo angatidziwe mpaka pati?

Lolemba ndi tsiku lomwe amapumako, choncho Lolemba lina ndinawatenga kupita ku Blantyre Mission. Kuchoka pamsika wa Ndirande kukafika ku HHI si patali, ndi ulendo wapansi. Ndinkafuna aone kuti si iwo oyamba. Malo amenewa anawapeza Henry Henderson, motsogozedwa ndi womasulira wake Tom Bokwito, m'dziko la mfumu Kapeni, ndipo mishoni ya Church of Scotland inakhazikika pamenepa mu October 1876. Anaitcha Blantyre potengera kwawo kwa David Livingstone. Ndinawauzanso mbali yomwe sitikonda kuikamba paguwa: amishonale oyambirirawo anadziika kukhala oweruza, ankakwapula anthu owaganizira kuti aba, mpaka mbiri yake inamveka ku Britain mu 1880, ndipo mtsogoleri wawo Duff Macdonald anachotsedwa. Anthu amenewo anabwera kudzaphunzitsa asanaphunzire kuodira.

Amene anabwera m'malo mwake mu 1881, David Clement Scott, ndiye anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels kuyambira 1888 mpaka 1891, pamodzi ndi amisiri a konkuno omwe anaumba ndi kuotcha njerwa zake, iye asanaphunzirepo za mapulani a nyumba. Alendo amajambula nsanja ndi njerwa zokongolazo. Koma kwa ine ntchito yaikulu ya Scott ndi dikishonale yake ya Chimang'anja ya 1892. Munthu sangalembe buku lotere asanakhale pansi nthawi yaitali, kumvetsera, kufunsa, kusekedwa. Nditanena izi, wa ku Ghana analoza kakope ka mnzake kaja, tonse n'kuseka. Kenako tinayenda pakati pa manda. Wamtali uja anasiya kuyankhula ataona kuti ena mwa azungu ogona pamenepo anamwalira akadali achinyamata, ndiponso kuti pali timanda ta ana awo. Amenewo tikiti yobwererera analibe, kapena anali nayo koma malungo anafulumira.

Patapita masabata angapo, bambo wina wachikulire woyandikana nafe anamwalira. Sanali wa mpingo wawo, ndipo m'moyo wake anawabweza kangapo pakhomo. M'mawa mwake anyamata aja anafika panjira pomwe panali pataikidwa masamba. Ndinawaona akuima. Miyezi iwiri m'mbuyomo akanangodumpha n'kumapita, koma ana aja anali atawauza tanthauzo lake. Anabwera pomwe tinakhala ife abambo, panja, n'kundinong'oneza, "Achimwene, tichite chiyani?"

Ndinati, "Khalani pansi."

Anakhala, pa njerwa, mabuku ali m'chikwama. Sanalalikire, sanagawe kapepala. M'nyumba ya siwa amayi ankaimba, ndipo iwo anangokhala nafe maola ambiri, dzuwa likuwaotcha. Mbale ya chipepeso itadutsa anaponyamo yawo. Nsima itabwera anasamba m'manja m'beseni limodzi ndi tonse, n'kudya nyemba ndi kabichi m'mbale imodzi ndi anthu anayi. Popita kumanda anayenda nafe. Madzulo malaya aja anali ofiira ndi fumbi, ndipo mwana wa malemu anawagwira chanza ndi manja awiri.

Usiku umenewo mayi anandiuza kuti, "Wamtali uja tsopano akudziwa kukhala." Kwa mayi anga mawu amenewa ndi aakulu. Ine ndikuganiza kuti funso lawo lija linali lisanayankhidwebe, koma sindinawatsutse.

Za chipembedzo sitinagwirizane. Anatipatsa buku lawo, tinakambirana, nthawi zina mpaka mawu kukwera, ndipo mayi akadali a Mvano, Lachinayi lililonse amavala yunifolomu yawo. Anyamatawo anadziwa kuti pakhomo pathu sapezapo wobatiza, koma sanasiye kudutsa kudzapereka moni. Mwina akuluakulu awo akanati akutaya nthawi.

Amishonale amenewa amasinthidwa malo kawirikawiri. Masabata asanu ndi limodzi aliwonse ena amauzidwa kuti anyamuke. Lachiwiri lina wamtali uja anabwera m'mamawa ndi mnzake kudzatsanzika, akuti amutumiza kwina ndipo anyamuka mawa lake. Anayankhula Chichewa chokhachokha, molakwitsa apa ndi apo, ndipo mayi sanamukonze. Anamupatsa mtedza wokazinga m'kajumbo, nati, "Ukamuuze mkulu wako uja kuti iwe unatsanzika." Wa ku Ghana anakhalako mwezi wina ndi theka, nayenso n'kupita.

Mwezi wathawu tinamva kugogoda pachitseko. Anali awiri ena, malaya oyera mbee, nsapato zonyezimira. Mmodzi anatsegula pakamwa, nati, "Uli bwanji?" Mayi anandiyang'ana, n'kunena kuti ndikatenge mkeka ndi chigubu cha thobwa kuchipinda.