Ndalama za ku mgodi n'zodutsa, ana anga

Mwezi watha ndinakwera minibasi pa depoti ya Mzuzu kukaona mdzukulu wanga ku Karonga, ulendo wa makilomita oposa 200. Mukamatsika phiri la Chiweta nyanja imaoneka ili mbee, ndipo njira yonse mumapatukirana ndi mathankala a mafuta ochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe.

Karonga ndi tauni yotentha, yodziwika ndi mpunga wa Kilombero, koma yakhala ikudikira chuma cha pansi pa nthaka. Mu 2011 boma linapatsa kampani ya Surestream chilolezo chofufuza mafuta m'nyanja. Mpaka lero palibe ngakhale lita imodzi yomwe yapopedwa.

Chomwe chinabweretsadi ndalama ndi mgodi wa uranium wa Kayelekera, makilomita pafupifupi 50 panjira ya ku Chitipa, womwe kampani ya Paladin inatsegula mu 2009. Lendi inakwera, mabala anadzaza, anyamata anasiya makasu. Koma ngozi ya ku Fukushima mu 2011 inagwetsa mtengo wa uranium, ndipo mu 2014 mgodi unaima.

Nthawi imeneyo n'kuti ndidakali pantchito ya unamwino. Ndinaona abambo akubwerera kwawo chimanjamanja, ena atadwala, ena atasiya ana kumbali. Mayi wina anandilirira kuti, "Anesi, zaka zisanu malipiro a bambo a kunyumba sindinawadziwe." Zoonadi, walira mvula walira matope.

Mu 2025 kampani ya Lotus inatsegulanso mgodiwu, ndipo m'minibasi muja achinyamata nkhani inali yomweyo. Sindikukuletsani kupita, ntchito n'njosowa. Koma tamverani.

Choyamba, khalani pansi awirinu musanasiyane. Malipiro asakhale chinsinsi, ndipo mugwirizane zoti mwezi uliwonse ndalama zingati zipite ku fizi, ku malata kapena kumunda.

Chachiwiri, munda musagulitse, kageni ka mayi kasafe. Mtengo wa miyala umagamulidwa kutali, inu osafunsidwa.

Chachitatu, kayezetseni magazi limodzi asananyamuke komanso akabwera patchuthi. Si kukayikirana ayi, n'kutetezana.

Abambo, zovala zodzitetezera kuntchito muzivala ngakhale kutenthe bwanji. Mapapo alibe sipeya.

Pobwerera ndinagula kathumba ka mpunga kwa mayi wina pamsika. Anandiuza kuti bizinesi yake anaiyamba ndi malipiro oyamba a mwamuna wake mu 2009. Mgodi utatseka, ana awo sanagone ndi njala.