A Dongarra ndi makompyuta amene amalosela mvula

Dzina la Jack Dongarra silinachulidwepo pa wailesi yathu, ndipo tikayika ngati omvela athu ambili analimvapo. Koma mu March 2022 bungwe la ACM linalengeza kuti iwo ndiwo apata mphoto ya Turing ya caka ca 2021, imene akatswili a makompyuta amaiyelekezela ndi Nobel. Inabwela ndi madola 1 miliyoni. A Dongarra anabadwila ku Chicago mu 1950, ndipo agwila nchito zaka zambili ku University of Tennessee ndi ku Oak Ridge National Laboratory.

Kompyuta yaikulu, ija amati supercomputer, ni tumakompyuta masauzande tolumikizidwa pamodzi kuti tugwile nchito imodzi. Tiyelekeze anthu ambili apita kukapalila munda umodzi. Kugawana mizele n'kosavuta. Vuto limabwela pamene aliyense afunika kudziŵa pomwe mnzake walekezela, apo ayi ena aima cabe ndi makasu m'manja kuyembekezela. Makina aja nawo amataya nthawi yambili pouzana zinthu kuposa poŵelengela. A Dongarra anali pakati pa gulu limene linakhazikitsa MPI mu 1994, malamulo amodzi a mmene tumakompyuta tuja tumatumizilana mauthenga, kaya makinawo anapangidwa ndi kampani iti. Izi zisanacitike, anathandiza kulemba LINPACK ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kenaka LAPACK mu 1992, mapulogilamu othetsa masamu aakulu. Anawaika poyela kuti aliyense atenge kwaulele, ndipo lelo ali mkati mwa MATLAB ndi zida zina zimene ophunzila pa yunivesite amaseŵenzetsa osadziŵa amene anazilemba.

Ife nkhaniyi itikhudza pa cinthu cimodzi. Ikafika November, alimi a ku Katete ndi Petauke amaimba foni kufunsa ngati mvula yagwa ija ni yobyalila kapena adikile. Timaŵaŵelengela za nyengo monga tazilandila. Zolosela zotele zimadalila makina aakulu amene amagawa mlengalenga wonse m'tumabokosi, kompyuta iliyonse n'kutenga tumabokosi twake, ndipo pamalile zimauzana za mphepo, kutentha ndi cinyontho. Kuuzana kumeneko kaŵilikaŵili kumacitika ndi MPI. Mlimi amene wagula mbeu ndi fetelaiza pa nkhongole, akamamvetsela wailesi, wayedzamila pa nchito ya anthu amene sadzakumana nawo.

Cimene a Dongarra amadziŵika naco kwambili ni mndandanda wa TOP500, umene anayambitsa ndi anzao mu 1993. Umatuluka kaŵili pa caka, mu June ndi November, ndipo umasanja makina 500 othamanga kwambili padziko potengela mayeso a LINPACK. Woyamba pa mndandanda woyambilila anali CM-5 wa ku Los Alamos, amene anali kucita masamu pafupifupi 60 biliyoni pa sekondi. Mu 2022 Frontier wa ku Oak Ridge anapyola nambala ya 1 yotsatidwa ndi maziro 18 pa sekondi. Ngakhale Lengau wa ku Cape Town analoŵa pa mndandandawu mu 2016. Maiko amapikisana pa nambala zimenezi monga matimu a mpila, ndipo ndalama zambili zimapita pamenepo.

Apa m'pamene munthuyu amatipatsa cidwi. Mayeso amene anamangitsa mbili yao, iwo eni ananena poyela kuti saonetsanso bwino nchito yeniyeni imene makinawa amagwila. LINPACK amayesa liŵilo loŵelengela, pomwe nchito zambili za sayansi zimacedwa pa kunyamula manambala kucoka apa kupita apo. Conco mu 2013, pamodzi ndi Michael Heroux, anabweletsa mayeso ena ochedwa HPCG. Pa mayeso awa makina otamandidwa aja amafika pa kagawo kocepa cabe ka mphamvu zimene amalengeza, nthawi zambili osafika ngakhale 5 pa 100 alionse. Ife amene timafunsa mafunso akuluakulu a maudindo pa maikolofoni tidziŵa kuti n'zosoŵa munthu kucepetsa yekha sikelo imene imamukweza. Zotsatila za HPCG tsopano zimalengezedwa pamodzi ndi TOP500, ndipo kangapo konse makina oyamba pa mndandanda wina sanali oyamba pa unzake.