Njovu za M'timaenvulopu

Ndalama zanga zachitsulo zakale ndimazisunga m'timaenvulopu, iliyonse m'kakekake, poopa chinyezi cha kuno ku Linthipe. Pamwamba ndimalembapo chaka, mtengo, ndi mmene ndalamayo ilili: yowala, yoyamba kufufutika kapena yotheratu. Anzanga akuntchito amati mafayilo a boma anditsatira mpaka kunyumba. Kaya.

Komatu taonani florin ya 1964 ndi 20 tambala ya 1971. Kukula n'kumodzi, nkhope ndi ya Kamuzu, kuseri njovu ndi mwana wake, pakuti kwacha itabwera masheleni awiri anasanduka matambala 20. Mwana wanga, amene sanagulepo kanthu ndi tambala, amangoti zonse n'zimodzi. Pa kaenvulopu ka florin ndinaonjezerapo dzina la malemu agogo anga, amene anaimanga pa mfundo ya chitenje zaka zambiri asanandipatse.