Kabelu ka M'galimoto Ndi Mnansi Wotitsina Khutu

Msewu wa N13 umene umachokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba ndi ku Massangulo kuno ku Ngauma mpaka kukafika ku Lichinga, mtunda wa makilomita pafupifupi 300, tsopano ndi watala. Ife amene tidauyenda ukadali wafumbi tikukumbukira kuti maenje ndi matope ndiwo ankaletsa oyendetsa kuthamanga. Lero maenje aja kulibe, ndipo liwiro latsala m'manja mwa woyendetsa yekha. Mwa ntchito yathu timakwera kawirikawiri magalimoto a abale popita ku maliro, ku maukwati ndi ku misonkhano, ndipo taona kuti ambiri amadana ndi kabelu kaja kamene kamalira m'galimoto. Ena amamanga lamba kumbuyo kwa msana, ena amagula kachitsulo kolowetsa m'malo mwa lamba, ndipo ena amapempha makanika kuti adule waya. Taganiza kuti tifotokoze m'mene kabeluka kamagwirira ntchito, pakuti munthu sataya msanga chinthu chimene wachimvetsa.

Kabelu sikalira mwa kufuna kwake. Kumbuyo kwake kuli magulu atatu a zipangizo zimene zimadalira batire la mavoti 12: zakumva, zoweruza, ndi cholira. Zakumva ndi timaswichi ndi timasensa tomwazika m'galimoto monse. Pa felemu la chitseko pali kaswichi kamene chitseko chimakapanikiza chikatsekedwa, ndipo chikatseguka kamatuluka ndi kulumikiza magetsi. M'kati mwa chomangira lamba muli kaswichi kena kamene kamadziwa ngati chitsulo cha lamba chalowa. Magalimoto ambiri atsopano ali ndi kasensa pansi pa nsalu ya mpando wa kutsogolo, komva kulemera kwa wokhalapo. Palinso kaswichi polowetsa kiyi, kena pa handibuleki, kena pa injini koona ngati oyilo akuyenda ndi mphamvu yokwanira, ndi kasensa koyeza kutentha kwa madzi oziziritsa injini. M'kabotolo ka mafuta a mabuleki ndi m'thanki ya petulo muli tinthu toyandama, timene timatsika mafuta akamachepa.

Uthenga wa zipangizo zonsezi umapita ku kakompyuta kakang'ono kamene kawirikawiri kamakhala kuseri kwa dashibodi. M'magalimoto akale swichi iliyonse inali ndi waya wake. M'chaka cha 1986 kampani ya Bosch ya ku Germany idalengeza njira yotchedwa CAN, imene imalola makompyuta a m'galimoto kutumizirana mauthenga pa mawaya awiri okha opotana, ndipo magalimoto ambiri a masiku ano amatsata njira imeneyi. Kakompyutako sikathamangira kuliza belu pa mboni imodzi. Nyali zikayaka injini ikulira, kamakhala chete. Koma nyali zikakhala zoyaka, kiyi atachotsedwa, chitseko cha woyendetsa n'kutseguka, kamadziwa kuti munthuyo akuchoka ataiwala nyali, ndipo kamaliza belu. Chimodzimodzi ndi lamba: pampando pali munthu, lamba sadamangidwe, liwiro lapitirira makilomita 20 kapena 25 pa ola malinga ndi mtundu wa galimoto, pamenepo belu limalira mosalekeza.

Cholira chenichenicho ndi kanthu kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. M'magalimoto akale munali kakoyilo ka waya kamene kamasanduka maginito ndi kunjenjemeretsa kachitsulo kopyapyala. M'magalimoto ena muli kambale kopyapyala kamene kamapindika pang'ono magetsi akakafika. Nzeru imeneyi idachokera kwa abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, amene m'chaka cha 1880 adapeza kuti miyala ina ikapanikizidwa imatulutsa magetsi, ndipo posakhalitsa adatsimikiza kuti ikapatsidwa magetsi imasintha maonekedwe ake. Magetsi akamayatsidwa ndi kuzimitsidwa kambirimbiri pa sekondi imodzi, kambaleko kamanjenjemera, ndipo ife timamva kulira. Magalimoto atsopano amagwiritsa ntchito kasipika, n'chifukwa chake amatha kulira mosiyanasiyana, pang'onopang'ono pa nkhani yaing'ono ndi mofulumira pa nkhani yoopsa.

Tiyenera kuvomereza kuti si kulira konse kumene kukunena za ife. Magalimoto ambiri amene akuyenda pakati pa Mandimba ndi Cuamba adagwira kale ntchito ku Japan, ndipo adabwera kuno mosavuta popeza ife ndi iwo timayenda mbali ya kumanzere ya msewu. Ambiri mwa inu mudamvapo mawu a mayi akulankhula Chijapani galimoto ikangolizidwa. Kawirikawiri mayiyo amachokera m'kabokosi ka ETC, kolipirira misewu ya ku Japan, ndipo amangonena kuti khadi silidalowetsedwe. Kuno alibe ntchito, ndipo makanika wodziwa magetsi angathe kukachotsa popanda vuto. Magalimoto ena akale kwambiri amalira akapitirira pang'ono makilomita 100 pa ola, pakuti kuyambira 1974 mpaka 1986 lamulo la ku Japan linkafuna belu lotere. Nthawi zina belu limanama chifukwa cha ife tomwe. Thumba la chimanga likaikidwa pa mpando wa kutsogolo, kasensa kamaliyesa munthu. Fumbi la m'chilimwe ndi chinyezi cha m'dzinja zimaononga timaswichi ta m'zitseko, ndipo belu limalira chitseko chili chotseka. Mankhwala ake ndi kuchotsa thumbalo, kapena kuyeretsa kaswichiko ndi kusintha kakatha.

Chimene tikudandaula nacho ndi kuzimitsa belu m'malo mokonza chimene likunena. Wochotsa fyuzi aganize kawiri, pakuti fyuzi imodzi ingathe kudyetsanso nyali za pa dashibodi, ndipo akaichotsa watseka pakamwa pa mboni zonse nthawi imodzi. Wolowetsa kachitsulo m'chomangira lamba wauza kompyuta bodza, ndipo m'magalimoto ena uthenga womwewo umapitanso ku kompyuta imene imafufumitsa chikwama cha mpweya pa ngozi. Chikwamacho chidapangidwa kuti chithandizane ndi lamba, ndipo chingavulaze munthu amene waponyedwa kutsogolo wopanda chomugwira.

Kudana ndi belu la lamba sikudayambe ndi ife. Lamba wogwira paphewa ndi m'chiuno adapangidwa ndi Nils Bohlin wa kampani ya Volvo ku Sweden, ndipo adayamba kuikidwa m'magalimoto m'chaka cha 1959. Anthu ambiri sankamumanga. Ku America, magalimoto a chaka cha 1974 adapangidwa kuti injini isalire ngati lamba sadamangidwe. Anthu adakwiya kwambiri, mpaka nyumba ya malamulo idathetsa dongosololo chaka chomwecho, n'kulamula kuti belu lokakamizidwa ndi boma lisapitirire masekondi 8. Belu lidachepetsedwa, koma ngozi sizidachepe chifukwa cha mkwiyo wawo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa misewu chaka chilichonse, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chimataya ambiri. Bungwe lomwelo limati kumanga lamba kumachepetsa mpaka ndi theka chiopsezo cha imfa kwa okwera galimoto. Ife amene timaimirira pamanda ndi kutonthoza amasiye sitingawerenge manambala amenewa mopepuka.

Ngakhale machenjezo ooneka aang'ono ali ndi mtengo wake kuno kwathu. Woiwala nyali ku Maputo amaitana mnzake wa pafupi kuti amuthandize ndi mawaya. Woiwala nyali pa maliro a kumudzi kutali ndi msewu waukulu amadzuka batire litatha, ndipo ngati galimoto yake ndi yosintha yokha magiya, ngakhale anyamata khumi ataikankha siingalire. Usiku womwewo mayi woyembekezera angafunike kupita kuchipatala ku Mandimba. Woyenda handibuleki isadatsitsidwe bwino amatenthetsa mabuleki a kumbuyo, ndipo amadzawafuna pa mtsetse atafooka kale. Nyali yofiira ya kabigiri ka oyilo ikayaka, kaya ndi belu kaya popanda belu, injini ingathe kuonongeka m'mphindi zochepa, ndipo mtengo wa injini ungathe kudya zokolola za banja za chaka chonse.

Tsono tiloleni tikupempheni zinthu zingapo. Mukatembenuza kiyi injini isadalire, yang'anani pa dashibodi. Nyali zochenjeza zimayenera kuyaka zonse, kenaka n'kuzima injini ikalira. Nyali imene siyakako konse mwina idapsa kapena wina adaichotsa, ndipo wogula galimoto yogwirapo kale ntchito ayang'anitsitse pamenepa asadapereke ndalama. Dziwani mitundu yake: yofiira ikutanthauza kuti muime pamalo abwino ndi kuona chavuta, pamene yachikasu ikutanthauza kuti mupite kwa makanika musadachedwe. Magalimoto ena saliza belu pa oyilo kapena pa kutentha kwa injini, choncho maso asasiyire khutu ntchito yonse. Belu likalira popanda chifukwa chooneka, uzani makanika kuti afufuze swichi imene ikunama, ndipo mukane akakuuzani kuti njira yachidule ndi kudula waya.

Kwa inu akulu a mpingo ndi atsogoleri a amayi ndi achinyamata, mukamafuna galimoto yonyamula anthu athu, musangokambirana za mtengo wa ulendo. Funsani ngati malamba alipo ndipo akugwira. Machapa ambiri akale alibe belu lokumbutsa okwera, ndiye pamenepo wokumbutsa akhale inu. Ndipo inu amene mwapatsidwa mpando wa kutsogolo chifukwa cha ulemu, mangani lamba poyamba, pakuti ana ndi achinyamata okhala kumbuyo amaphunzira poona inu. Kumanga lamba si kunyoza woyendetsa. Iye angakhale waluso, koma mbuzi yodumphira mumsewu kapena njinga yamoto yotulukira mwadzidzidzi pa msika wa m'mbali mwa msewu sizifunsa za luso lake.

Makolo athu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Kabelu aka sikadziwa ulemu, sikasankha mbusa kapena mlendo, ndipo kamabwereza mawu amodzimodzi mpaka titatopa nako. Koma kamanena zimene zipangizo zaona ife tisadazione. Kakalira pa ulendo wanu wotsatira, musakwezere wailesi. Chepetsani liwiro, funsani kuti kakunena chiyani, ndipo konzani chimenecho. Ambuye akusungeni pa maulendo anu onse.