Kuseka Kumene Kumabadwira m'Holo Yopanda Anthu

Oonerera sewero amadya nsima yophikaphika. Ife amene timaongolera osewera timakhalapo madzi akuyamba kuwira, ndipo cimwemwe cathu cacikulu cimapezeka m'masabata oyeseza, mabenchi ali opanda anthu.

Sewero limene tikuyeseza ndi acinyamata ndi L'Avare, ndiko kuti Munthu Waumbombo, limene Molière anaonetsa koyamba ku Paris m'caka ca 1668. Mwini wakeyo ndiye anasewera mbali ya Harpagon, nkhalamba imene inakwirira bokosi la ndalama m'munda, nimakayikira aliyense, ngakhale ana ake Cléante ndi Élise.

Coyamba cimene timaphunzitsa n'cakuti wosewera asafune kuseketsa. Bokosi litabedwa, Harpagon amalira ngati pamaliro, mpaka kudzigwira yekha mkono poyesa kuti wagwira mbala. Mnyamata wathu akacita zimenezi akumwetulira, m'holo mumangoti zii. Koma akalira ngati moyo wake wathadi, anzake amene amva mau omwewo kambirimbiri amagwa nako kuseka.

Caciwiri ndi nthawi yoyankhira. Pali cigawo cimene Harpagon amazenga Valère mlandu wa bokosi, pomwe Valère akuyesa kuti akufunsidwa za cikondi cake pa Élise. Aliyense amangoyankha za kumtima kwake. Cigawoci timacibwereza masana ambiri: apa yankha msanga, apa yamba wapuma, apa yang'ana mnzako osanena kanthu. Tsiku limene zagwirizana, onse amadziwa okha popanda wowauza.

Mbali ya Maître Jacques, wanchito mmodzi amene ali wophika ndiponso woyendetsa ngolo, tinaipatsa mnyamata wamanyazi amene mau ake sankafika pa benchi laciwiri. Lero akasintha jekete kuti ayankhe bwana wake monga wophika, kenaka monga wa ngolo, amamveka mpaka kukhomo. Malipiro athu ndi amenewo.

Pomaliza pa sewero ana amapeza maukwati ao, koma Harpagon maganizo ake onse ali pa bokosi. Acinyamata amaseka, kenaka ena amakhala duu, pakuti nyumba zotere akuzidziwa. Inu makolo, mwana akapempha kupita kukayeseza, muloleni. Ndipo tsiku loonetsa likafika, bwerani mudzaseke nafe, ngakhale kusekako kutakhudza thumba lanu.