Mbalame ya Sikusinja yalira pa kanema ku Mphunzi

Ndinatsika minibasi pa msewu wa M1, pakati pa Dedza ndi Linthipe, dzuwa litapendeka. Munali mu Juni, ndipo amene amadziwa Dedza akudziwa mmene mphepo ya mwezi umenewu imalumira makutu. Wakabaza anandidutsitsa m'madimba a kachewere ndi kabichi, fumbi lili koboo, mpaka phiri la Mphunzi linatulukira kutsogolo kwathu. Ulendo wanga unali wokaona zojambula za pamiyala, zina mwa malo 127 a m'dera la Chongoni amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndinachipeza usiku, m'nyumba ya malume anga.

Malumewo ndi mphunzitsi wopuma. Ali ndi kanema kakang'ono koyendera sola, ndipo kukada ana a m'mudzi amadzaza pabalaza ngati msonkhano wa mfumu. Usiku umenewo kunali sewero la Chichewa. Anyamata awiri apachibale anapita ku Joni kukasaka ndalama. Mmodzi anabwera yekha, zikwama ziwiri m'manja, nauza makolo kuti mbale wake watsalira komweko. Koma foni ya mbale wakeyo inali m'chikwama, ndipo nthawi iliyonse akayamba kudzitama pamaso pa anthu, inkalira. Aizimitsa, ilira. Aiponya m'chimbudzi, usiku aimvabe.

Malume anaomba m'manja. "Mphwanga, waiona? Mbalame ija ndi imeneyi!"

Ana aja anacheuka kuyang'ana kudenga, kufuna mbalame.

Malume amanena nthano ya Sikusinja ndi Gwenembe, imene John Gwengwe anaiika m'buku, ndipo ambiri a ife tinakumana nayo kusukulu. Gwenembe anapha mbale wake chifukwa cha nsanje ndi dyera, koma kambalame kanamulondola njira yonse kakuimba, mpaka mudzi unadziwa. Wolemba sewero uja sanatchule Sikusinja ngakhale kamodzi. Anangosandutsa mbalame kukhala foni. Ife achikulire tinadziwiratu kuti mnyamatayo sapulumuka, ndiye timaonera ndi mtima wina, uja wodikira mlandu. Ana amangoseka foni yovuta.

Masewero athu ali ndi khalidwe limeneli kuyambira kale, asanafike n'komwe pa kanema mu 1999 pamene TVM inayamba. Amene ankamvera Kapalepale kapena Pamajiga pa wailesi ya MBC akukumbukira kuti mkulu akafuna kudzudzula, ankangonena theka la mwambi, theka linalo womvera amalize yekha. Tikuferanji, sewero la ADRA Malawi limene linatchukitsa Michael Usi ngati Manganya, dzina lake lomwe ndi funso la pamaliro, lobwerekedwa kuti likambe za Edzi. Olemba mabuku nawo amachita chimodzimodzi. Willie Zingani anatcha buku lake Madzi Akatayika, Jolly Max Ntaba natcha lake Ikakuona Litsiro Sikata, osatchula n'komwe mvula. Choncho munthu wa m'sewero akati "madzi akatayika" n'kukhala chete, wina amamva mwambi wa agogo ake, wina amakumbukira buku la ku sekondale, pamene wina amaganiza kuti ndowa yagubuduka.

M'mawa ndinakwera phiri ndi mnyamata wolondolera alendo. Pansi pa matanthwe pali zojambula za mitundu iwiri. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, akatswiri amati ndi za Akafula, ndipo amene ankadziwa tanthauzo lake anapita kale. Zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Ndinaloza chimodzi chotambasula miyendo n'kufunsa ngati ndi buluzi. Mnyamatayo anamwetulira, nati, "Bambo, kwa inu ndi buluzi." Sanapitirize, ndipo inenso ndinadziwa kuti pamenepo pafunika kutseka pakamwa.

Potsika ndinali kuganiza za ana a usiku aja. Chojambula choyera chija chikadali ndi eni ake, amene akachiona amamva phunziro lonse. Chofiira chija n'chokongola, alendo amachijambula ndi mafoni, koma palibe amene chimamuyankhula. Mantha anga ndi akuti foni yolira ija yayamba kufiira.

M'munsi mwa phiri muli mishoni ya Mphunzi, imene a Dutch Reformed Church anaitsegula mu 1903, lero ili pansi pa Sinodi ya Nkhoma. Mishoni ndi dambwe sizinkamwerana madzi, izi n'zodziwika. Komabe ndi m'sukulu za mpingo womwewu mmene munatuluka Samuel Josia Nthara, amene buku lake Nthondo linasindikizidwa mu 1933, ndipo anadzalembanso Mbiri ya Achewa. Ndiye kuti dera lino lakhala likusunga nkhani pathanthwe, pabwalo ndi papepala. Malume akuti mabuku awo a Chichewa anatha ndi obwereka osabweza, lotsala ndi Buku Lopatulika lokha. N'chifukwa chake mwina mwana wa lero amazindikira msanga Kaini ndi Abele m'sewero kusiyana ndi Gwenembe ndi Sikusinja.

Ena amati olemba masewero azingofotokoza zonse poyera kuti achinyamata asatsalire. Ine sindikugwirizana nazo. Sewero limene likuima pakati n'kuyamba kumasulira mwambi wake limasanduka kalasi, ndipo ana amathawa. Vuto lili kwina. Pobwerera ndinayenda m'masitolo angapo pa boma la Dedza kufuna buku la Gwengwe lija, ndinangopeza makope, zolembera ndi mapepala a mayeso akale.

Usiku wanga womaliza sola sinagwire bwino chifukwa kunali mitambo tsiku lonse, kanema anazima sewero lisanayambe. Ana ankadzuka kuti azipita, koma kamtsikana kena ka Sitandade 6 kanatsalira pakhomo. "Agogo, mbalame munkanena ija inali ya chiyani?" Malume anasonkhezera mbaula, nati, "Itana anzako abwerere. Padangokhala."

Kunja kunamveka mawu awiri kapena atatu okha: "Tilitonse."